Pemphero ndi jakisoni pa khomo limodzi: mmene zipatala za mishoni zimayendera

Funsani anthu a kum'mawa amene tikukhala muno mu Lusaka kuti anabadwira kuti, mudzamva mayina omwewo akubwerezedwa: St Francis ku Katete, Mwami kufupi ndi Chipata, Nyanje, Minga, Lumezi, Kamoto. Zonsezi ndi zipatala za mipingo. Ngakhale amene anabadwira ku UTH, chipatala chachikulu cha boma muno mu Lusaka, akakwera basi ku Intercity kupita kumudzi amadutsa pafupi ndi St Luke's ku Mpanshya, kumene amathamangitsira anthu ovulala pa ngozi za mu Great East Road. Komabe ambirife sitidziwa kuti zipatalazi mwini wake weniweni ndani, amalipira anamwino ndani, nanga n'chifukwa chiyani wodwala amayamba wamva pemphero asanaonane ndi dokotala. Zimenezi zafika pofunika kuzimvetsa tsopano, pamene magulu achikhristu, ena ochokera kunja ena a konkuno, akuchulukira kukhoma matenti m'makomboni mwathu, mankhwala kudzanja ili, Baibulo kudzanja linalo.

Kuphatikiza kuchiritsa ndi kulalikira sikunayambe dzulo. David Livingstone, amene anamwalira mu 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, anali dokotala komanso mmishonale, ndipo amene anabwera pambuyo pake anatsata mapazi omwewo. A Dutch Reformed anafika ku Magwero mu 1899, ndipo pofika 1905 anali atayamba kuphunzitsa ana osaona. Dr Walter Fisher anakhazikika ku Kalene, kufupi ndi kumene mtsinje wa Zambezi umayambira, mu 1906. A Adventist anatsegula chipatala cha Mwami mu 1927. A Salvation Army anamanga Chikankata m'zaka za m'ma 1940, wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, Francis Trefusis, anayambitsa St Francis mu 1948, ndipo a Brethren in Christ anatsegula chipatala cha Macha mu 1957. Mukayang'ana malo amenewa pa mapu, onse anali kutali ndi njanji pa nthawiyo. Boma la atsamunda linkaika madokotala ake kumene kunali azungu, migodi ndi maboma. Kumidzi linkangoponyako kandalama kochepa kwa amishonale kuti aone chochita.

Amishonalewo anali ndi zifukwa ziwiri, ndipo sankabisa chilichonse mwa izo. Choyamba chinali lamulo limene ankaliwerenga pa Mateyu 10:8 ndi pa Luka 9:2, pamene Yesu akutuma ophunzira ake kukalalikira ndi kukachiritsa odwala pa ulendo umodzi. Chachiwiri chinali nzeru za ntchito. Bambo amene sakanaponda m'tchalitchi, wa kudambwe, wokhulupirira sing'anga wa m'mudzi mwake, ankabwera yekha chilonda chikakana kupola kapena mkazi wake akalephera kuchira. Chipatala chinkatsegula khomo limene ulaliki unkalipeza lotseka. N'chifukwa chake mankhwala a mishoni ankabwera ndi nkhondo yake: kudula zithumwa za m'chiuno mwa ana, kudzudzula kutemera mphini, kutsutsa gule. Zina mwa izi zinapulumutsa miyoyo, monga kuletsa kupaka zinthu pa mchombo wa khanda. Zina zinali kungonyoza chilichonse cha eni dziko popanda kuchifufuza.

Pamene zinthu ziwirizi zinalukana kwambiri ndi pa khate. Masiku ano achinyamata ambiri sanaonepo wakhate, koma kale anali matenda ochotsa munthu pakati pa anzake. Ankamumangira kanyumba kunja kwa mudzi, chakudya n'kumamusiyira poteropo. Ku Mwami ndi ku Chikankata kunali midzi yathunthu ya akhate. Mankhwala oyamba anali jakisoni wa mafuta a chaulmoogra, wopweteka koma wosathandiza kwenikweni. Kenako kunabwera mapiritsi a dapsone, omwe munthu ankamwa kwa zaka zambiri, mpaka m'zaka za m'ma 1980 pamene mankhwala ophatikiza anayamba kuchiza khate m'miyezi yowerengeka. Tsono taganizirani munthu amene abale ake amutaya, wakhala pa mishoni zaka zisanu kapena khumi, amene amamusambitsa zilonda ndi yemweyo amene amamuphunzitsa nyimbo za m'tchalitchi. Ambiri anabatizidwa. Kodi anasankha okha, kapena analibe kolowera kwina? Ine ndikhulupirira kuti ambiri anakhulupirira ndi mtima wonse, chifukwa anaona chikondi chimene kwawo anachisowa. Koma funso limenelo silinafe ndi khate. Likadali ndi ife pa bedi lililonse la chipatala cha mpingo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 linali ndi anthu pafupifupi 100 okha omaliza maphunziro a yunivesite, ndipo madokotala achikuda anali owerengeka pa zala. Sukulu zambiri za pulayimale za mishoni zinapita m'manja mwa boma, koma zipatala zambiri zinatsala ndi mipingo. Mu 1970 Akatolika, mipingo ya mu Christian Council of Zambia ndi ya mu Evangelical Fellowship of Zambia anaphatikiza ntchito zawo za umoyo n'kupanga bungwe limodzi, Churches Medical Association of Zambia, limene lero timalidziwa kuti Churches Health Association of Zambia (CHAZ), ndipo likulu lake lili muno mu Lusaka. Lili ndi mamembala oposa 150, mwa iwo zipatala zazikulu zoposa 30, makiliniki a kumidzi ndi sukulu za anamwino. CHAZ imanena kuti kumidzi, thandizo la chipatala loposa theka limadzera m'manja mwa mamembala ake.

Apa ndi pamene ambiri timasochera. Tikamva kuti chipatala cha mishoni timaganiza kuti ndi azungu a kunja amene akulipira zonse. Sizili choncho. Malo ndi nyumba ndi za mpingo, ndipo mpingo ndiwo umasankha bodi yoyang'anira. Koma pa mgwirizano wa pakati pa CHAZ ndi Unduna wa Zaumoyo, madokotala, anamwino, azamba ndi makiliniko ofesa ambiri amalembedwa ndi kulipidwa ndi boma. Mankhwala ambiri amachokera ku ZAMMSA, nkhokwe yomweyo imene imatumiza mankhwala ku Kanyama ndi ku Chilenje. Boma limaperekanso ndalama zoyendetsera chipatala, ngakhale kuti zimakonda kuchedwa, ndipo zikachedwa oyang'anira amasowa pogwira kuti agule dizilo ya ambulansi ndi ufa wa odwala. Mu 2006, pamene boma la a Levy Mwanawasa linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi, za mishoni zinalowa nawo m'lamulo limenelo. Abwenzi a kunja akadalipo, koma gawo lawo ndi kumanga wodi yatsopano, kugula makina, kutumiza dokotala wa opaleshoni kwa chaka chimodzi kapena ziwiri.

Tanthauzo lake ndi lakuti malipiro a namwino wa ku Minga kapena ku Nyanje amachokera ku msonkho wa tonsefe: wa Mkatolika, wa Mboni za Yehova, wa Msilamu wogulitsa nsalu ku Kamwala, ndi wa amene sapemphera konse. Namwinoyo naye angakhale wa Adventist amene unduna wamutumiza ku chipatala cha Akatolika. Ndiye uthenga umalowa bwanji m'wodi?

Kawirikawiri zimayenda motere. M'mawa, zitseko za kolandirira odwala zisanatsegulidwe, anthu amakhala atadzaza pa mabenchi, makadi ali m'manja, ena atafika usiku pa njinga kapena pa ngolo. Amabwera abusa a pachipatala, kapena akatekisiti, kapena namwino wamkulu. Nyimbo imodzi, ndime imodzi, pemphero lalifupi, kenako mawu a momwe angapewere malungo kapena kufunika kowiritsa madzi, basi mzere wayamba kuyenda. Masana abusawo amazungulira m'mawodi. Amaima pa bedi la gogo amene akudikira opaleshoni n'kufunsa kuti, "Agogo, mwaswera bwanji? Kodi mungalole kuti tipemphere nanu?" Gogoyo akavomera amapemphera. Akati, "Iyayi mwana wanga, ine ndine wa kwina," abusa odziwa ntchito yawo amangoti, "Palibe kanthu agogo, Mulungu akuchizeni," n'kupita pa bedi lotsatira. Usiku wodwala akatsirizika, ndi abusa omwewo amene amakhala pansi ndi amayi odikirira kunja kwa wodi, kuwathandiza kupeza foni yoimbira kumudzi ndi galimoto yonyamula maliro.

Ine sindiona cholakwa pa zimenezi, ndipo ndimaziyamikira. Dziko lathu a Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu pa 29 December 1991, mawuwo n'kulowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo ngakhale ku UTH mudzapeza magulu a amayi a mipingo akupemphera m'mawodi nthawi yoona odwala. Munthu wathu akadwala safuna mapiritsi okha. Amafunsa kuti chifukwa chiyani ine, chifukwa chiyani tsopano, ndipo funso limenelo makina ounikira sayankha. Koma pali malire amene sayenera kudumphidwa. Wodwala ndi munthu wopanda mphamvu zokanira. Wagona chagada, wavala nsalu ya chipatala, akudikira mpeni mawa. Munthu wotere mukamufunsa ngati alandira Yesu, adzavomera chilichonse, poopa kuti akakana mwina samusamala bwino. Akuluakulu anati fupa lokakamiza limaswa mphika. Pa Luka 17 Yesu anachiritsa akhate khumi, wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, ndipo asanu ndi anayi aja sanalandidwe machiritso awo. Chipatala chimene chimatchula dzina la Yesu chiyenera kuchita chimodzimodzi. Ubwino wake, zipatala zakale za mishoni zinaphunzira zimenezi kalekale. St Francis ili pafupi ndi Mkaika kumene kumachitikira mwambo wa Achewa wa Kulamba, imayendetsedwa ndi a Anglican pamodzi ndi Akatolika, ndipo imalandira wa gule, Msilamu ndi mkulu wa mpingo pa mzere umodzi.

Pamene chiphunzitso cha mpingo chimakhudzadi thandizo ndi pa nkhani ya kulera. Zipatala za Akatolika siziika lupu, sizibaya jakisoni wolera, sizigawa makondomu. Zimaphunzitsa njira zachilengedwe. Kwa mayi wa ku Chawama imeneyi si nkhani, akwera minibasi kupita ku kiliniki ina. Kwa mayi wa kumudzi amene chipatala chake chokhacho ndi cha mishoni, zimatanthauza kudikira tsiku limene ogwira ntchito a boma adzabwere ndi njirazo m'dera lake, kapena kuyenda mtunda wautali. Mpingo uli ndi ufulu wosunga chikhulupiriro chake. Koma popeza boma ndilo linasankha kudalira chipatala chimenecho m'dera lonselo, ndi udindo wa boma kuonetsetsa kuti mayiyo wapeza thandizo lake pafupi.

Amene akufuna kuona chimene chikhulupiriro chinawonjezera pa mankhwala ayang'ane zaka za Edzi. Mu 1987, chaka chimene a Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wawo Masuzyo anamwalira ndi matendawa, a ku Chikankata anaona kuti mabedi sangakwane ndipo anayamba kutsatira odwala kumakomo kwawo. Njira imeneyo yosamalira odwala kunyumba inafalikira m'mayiko ambiri. Muno mu Lusaka anaitenga ndi amayi a m'maparishi ndi m'mipingo ina, ovala zitenje za mpingo, oyenda wapansi m'tinjira ta Matero, George ndi Chawama ndi kathumba ka sopo, magolovesi ndi ufa wa soya. Panalibe mankhwala oti apereke. Ankasambitsa munthu amene abale ake akuopa kumukhudza, kumutembenuza, kumuphikira phala, kukhala naye mpaka mapeto. Ku Kalingalinga kunatsegulidwa Our Lady's Hospice, ku Chilanga Mother of Mercy. N'zoona kuti m'maguwa ena munkatuluka mawu oti Edzi ndi chilango, ndipo mawu amenewo anapha anthu ndi manyazi. Koma ma ARV atayamba kuperekedwa ulere cha m'ma 2005, anali amayi omwe aja amene ankadziwa khomo lililonse la wodwala, ndipo CHAZ inakhala imodzi mwa mabungwe olandira mwachindunji ndalama za Global Fund, thumba la dziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, kuyambira mu 2003.

Mu Lusaka ntchito ya mishoni ili ndi nkhope ina, chifukwa zipatala za boma zilipo: UTH, Levy Mwanawasa, ndi makiliniki a Matero, Chilenje, Kanyama, Chawama ndi Chipata komboni amene anakwezedwa kukhala zipatala. Mipingo yalowa m'mipata imene boma silikwanitsa. Beit CURE, mu Great North Road, inatsegulidwa mu 2006 ndipo imachita maopaleshoni a ana a mapazi opindika, miyendo yokhota ndi mavuto a makutu. Eni ake amanena poyera kuti cholinga chawo ndi kuchiritsa ndi kulalikira. A Adventist ali ndi Lusaka Eye Hospital ku Makeni, kumene agogo ambiri achotsedwa ng'ala n'kuyambanso kuona. A Coptic ali ndi chipatala chawo ku Northmead, Akatolika ali ndi Cardinal Adam Memorial ku Bauleni. Zonsezi zili ndi adiresi. Mukadwalanso mwezi wamawa mudzazipeza pomwepo, ndi fayilo yanu.

Nkhawa yanga ili pa mtundu wina, wa masiku atatu. Timaudziwa tonse. Galimoto ya zokuzira mawu izungulira komboni Lachinayi kulengeza kuti kwabwera madokotala, zonse ndi zaulere. Loweruka pa bwalo la mpira pali matenti. Ulandira kapepala ka nambala, ukhala pa mpando wapulasitiki kumvera ulaliki, akuyeza BP ndi shuga, uonana ndi dokotala kudzera mwa womasulira, kenako akulozera ku tenti ya uphungu ndi mapemphero, ndipo tenti ya mankhwala ili kumapeto kwenikweni. Pa Sabata madzulo pali msonkhano wa chitsitsimutso, Lolemba matenti apasulidwa.

Ambiri mwa alendowa ndi anthu a mtima wabwino amene alipira okha ndege ndi kusiya ntchito zawo. Ndipo pali zinthu zimene zimathekadi m'masiku atatu: kuzula dzino lovunda, kupereka magalasi owerengera, kupatsa ana mankhwala a njoka za m'mimba, kupeza chotupa chimene mayi sankachidziwa. Vuto ndi lakuti matenda amene akutha anthu m'makomboni si a masiku atatu. Bambo wapezeka ndi BP yokwera, apatsidwa mapiritsi a milungu iwiri a dzina limene ku kiliniki kwawo kulibe, popanda kalata yopita nayo kulikonse. Akatha amaganiza kuti wachira. Mayi wauzidwa kuti ali ndi shuga, koma palibe amene wamulembera kumene akapite Lolemba. Kolera imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala chipatala mu January 2024 siimva tenti. Imafuna madzi abwino ndi zimbudzi. Ndipo kaikidwe ka matenti kaja, koti sufika pa mankhwala usanadutse pa mapemphero, ndi kukakamiza ndithu ngakhale palibe amene wakweza mawu. Choipitsitsa ndi pamene gululo likagwirizana ndi mneneri wa konkuno amene usiku womwewo akuuza anthu kuti amene wadzozedwa mafuta ataye ma ARV. Anamwino a m'makiliniki athu amawadziwa anthu otere, chifukwa amabwerera patapita miyezi atanyamulidwa pa wilibala.

Mpingo umene ukuitana gulu lotere uli ndi zoyenera kufunsa alendo asanakwere ndege. Dokotala aliyense wogwira ntchito m'dziko muno, ngakhale kwa sabata imodzi, amafunika chilolezo cha Health Professions Council of Zambia, ndipo anamwino ali ndi khonsolo yawo. Mankhwala olowa m'dziko amayenera kudzera ku ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, kuti tisalandire otha ntchito kapena olembedwa m'chilankhulo chimene palibe angawerenge. Ofesi ya zaumoyo ya boma la Lusaka iyenera kudziwa, ndipo ndi bwino kuti namwino wa kiliniki yapafupi akhale nawo pa tebulo, kuti aliyense wopezeka ndi matenda okhalitsa achoke ndi kalata ndi tsiku lokaonekera. Tenti ya mapemphero ikhale pambali, yolowa amene wafuna. Magulu ena amachita kale zonsezi, ndipo ntchito yawo imasiya phindu looneka.

Chimene chinapatsa zipatala zakale ulemu umene zili nawo ndi kukhalitsa. Dr James Cairns anagwira ntchito ku St Francis kuyambira mu 1958 mpaka m'zaka za m'ma 1990. Ku Macha, Dr Alvan Thuma anamanga chipatala, mwana wake Dr Phil Thuma n'kudzayambitsa pomwepo kafukufuku wa malungo amene wadziwika kunja konse. Ndipo zipatala zingapo zazikulu za mishoni zinatsegula sukulu za anamwino, kotero kuti lero oyendetsa zipatalazi ambiri ndi a Zambia, ndipo m'mawodi a UTH mudzapeza masisitala amene anaphunzira ku Katete, ku Mwami kapena ku Chikankata.

Zimenezi zikukumana tsopano ndi nthawi yovuta ya ndalama. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kunja, ndipo makiliniki ena a ma ARV oyendetsedwa ndi mabungwe, a mipingo omwe, anatseka kapena kuchotsa antchito. Mu May chaka chomwecho kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula madola 50 miliyoni pa chaka a mankhwala chifukwa cha kubedwa kwa mankhwala m'zipatala zathu. Mipingo ya ku Ulaya imene inkatumiza ndalama nayo yakalamba, mabenchi ake akutsala opanda anthu. NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo imene inayamba kugwira ntchito mu 2019, imathandiza, koma odwala ambiri a ku Lumezi kapena ku Katondwe ndi alimi opanda malipiro a pamwezi oti adulidwepo. Pamene denga la wodi ya amayi ku mishoni layamba kudontha, boma lidzati nyumbayo ndi ya mpingo, ndipo silinama. Eni mipingoyo, a Reformed Church in Zambia, a Anglican, Akatolika, a Adventist, ali ndi akhristu awo opeza bwino kwambiri muno mu Lusaka, ku Kabulonga, ku Woodlands, ku Chalala, ndipo ambiri mwa iwo makadi awo a sikelo analembedwa ku zipatala zomwezo. Pa misonkhano ya mipingo yathu ya m'tauni timakambirana za matailosi, zokuzira mawu ndi galimoto ya abusa. Za chipatala cha sinodi kapena cha dayosizi yathu sizifika kawirikawiri pa ndandanda wa zokambirana, ndipo n'zotheka kuziikapo pa msonkhano wa mwezi uno.